Nkhuku yokula m'masabata 7 sinabwere ndi jakisoni

A Mkonzi,

Nkhani yanu ya nkhuku zanyama ija ndinaiwerenga yonse, koma mawu amodzi andikhala pamtima, oti nkhukuzi zimakula msanga chifukwa amazibaya mankhwala. Mawuwa ndawamva kwa anthu ambiri, ena ophunzira bwino ndithu. Ine ndaweta nkhuku kwa zaka zambiri ndipo jakisoni wokulitsa nkhuku sindinamugwirepo. Wofuna kudziwa kumene nkhukuyi inachokera ayang'ane ku America, ku mbiri ya bungwe la Poultry Science Association ndi malonda amene anakula nalo limodzi.

Bungweli linayamba mu 1908 pa Cornell University, m'boma la New York. Oliyambitsa anali aphunzitsi ndi ofufuza ochepa a m'masukulu a zaulimi ku America ndi ku Canada, mmodzi mwa iwo James E. Rice wa pa Cornell pomwepo. Dzina lake loyamba linali lalitali lotopetsa lilime, ndipo ili timalidziwali anatenga mu 1926. Magazini yawo ya Poultry Science inayamba kutuluka mu 1921. Masiku amenewo nkhuku inali chiweto cha kuseri kwa nyumba, cha amayi a pafamu, choweteredwa mazira. Nyama inkapezeka pamene thadzi lasiya kuikira kapena atambala achuluka.

Ntchito ya anthuwa inali yosapatsa ulemu. Tangoganizani chisa chokhala ndi kachitseko kamene kamadzitseka thadzi likangolowa. Munthu amabwera, kulitulutsa, kuwerenga nambala ya pamwendo, kulemba m'kaundula kuti lero laikira. Mawa chimodzimodzi, chaka chathunthu. Ndi m'makaundula otere mmene anadziwira thadzi loikira ndi longodya chabe, n'kusankha loti liswe ana.

Vuto lina linali la dzuwa. Anapiye otsekeredwa m'nyumba nyengo yachisanu ankalefuka miyendo n'kumangokhala chogwada. Vitamini D itadziwika cha mu 1922, zinaoneka kuti mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod, ochepa chabe m'chakudya, amathetsa vutoli. Kuyambira pamenepo nkhuku ikanatha kukula chaka chonse osatuluka panja.

Mu 1923 mayi wina, Cecile Steele wa ku Ocean View m'boma la Delaware, anaitanitsa anapiye 50, koma anamubweretsera 500. Sanawabweze. Anawalera m'kanyumba kokhala ndi mbaula, n'kugulitsa 387 amene anapulumuka pa masenti 62 paundi imodzi ya kulemera kwake (paundi ndi pafupifupi theka la kilogalamu). Pofika 1926 anali ndi malo a nkhuku 10,000, ndipo anansi ake anali atayamba kumutsanzira. Nkhaniyi anthu amaikonda chifukwa ikumveka ngati mwayi wogwa kumwamba. Ine ndimawerengera anapiye 113 anafa aja. Matenda otsegula m'mimba a pullorum, amene thadzi limapatsira mwana kudzera m'dzira, ankasesa makola. Chinathandiza ndi kuyeza magazi a thadzi lililonse losungidwira mbewu ndi kuchotsa lodwala, ntchito imene boma ndi alimi anaigwirira pamodzi pansi pa National Poultry Improvement Plan kuyambira 1935. Katemera wa matenda a Marek anabwera pambuyo pake, cha mu 1970, ndipo mbali yaikulu ya kafukufuku wake inachitikira ku East Lansing, Michigan.

Koma mtima wa nkhaniyi uli pa mpikisano wa Chicken of Tomorrow, umene anaulipirira ndi a masitolo a A&P. Iwowa ankafuna nkhuku ya nganga yodzaza, yoti ikayalidwa m'sitolo ikope maso. Pa ndime yomaliza mu 1948, oweta 40 anatumiza mazira awo, anapiye n'kuleredwa ku Georgetown, Delaware, pa chakudya chimodzi ndi chisamaliro chimodzi kwa masabata 12, kenaka kuphedwa, kusosoledwa ndi kuyezedwa. Anapambana ndi Charles Vantress wa ku California, amene anakwatitsa mtundu wa Cornish ndi wa New Hampshire. Henry Saglio wa famu ya Arbor Acres ku Connecticut anaoneka bwino ndi nkhuku zake zoyera za White Rock. Nthenga zoyera sizisiya timadontho takuda pakhungu nkhuku ikasosoledwa, n'chifukwa chake nkhuku zanyama lero n'zoyera pafupifupi zonse. Kuchokera apo inali ntchito yosankha basi: mwa anapiye zikwizikwi, kusunga okula msanga, ana awo kusankhanso, m'badwo ndi m'badwo.

Umboni wake uli m'magazini ya Poultry Science ija. Mu 2014 ofufuza a pa University of Alberta anasindikiza zotsatira za nkhuku za mitundu itatu, ya 1957, ya 1978 ndi ya 2005, zimene anazilera mofanana, chakudya chimodzimodzi, popanda mahomoni (mankhwala okulitsa thupi). Pa tsiku la 56, ya 1957 inalemera magalamu 905, ya 1978 magalamu 1,808, ya 2005 magalamu 4,202. Jakisoni ali pati pamenepa? Ziwerengero za makampani a nkhuku ku America zikunenanso zomwezo: mu 1925 nkhuku inkatenga masiku 112 kuti ifike mapaundi 2.5, pamene lero imapitirira mapaundi 6 m'masiku osakwana 50.

Kunena chilungamo, mphekesera ya mankhwalayi ili ndi pogwira. Homoni yotchedwa DES inagwiritsidwapo ntchito pa nkhuku ku America mpaka boma linailetsa mu 1959. Ndipo cha mu 1950 Thomas Jukes ndi Robert Stokstad anapeza kuti mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda (ma antibiotic), pang'ono chabe m'chakudya, amakulitsa anapiye. Alimi anawathira kwa zaka zoposa 60, madokotala akudandaula kuti tizilombo tikuyamba kusamva mankhwala, mpaka mu 2017 pamene kugwiritsa ntchito mankhwala ofunika kwa anthu pofuna kungokulitsa ziweto kunathetsedwa ku America. Apa akatswiri anachedwa kumva, ndipo sindikuwaikira kumbuyo.

Chondivuta ndi chakuti tikamalimbana ndi jakisoni amene kulibe, timaphonya mavuto enieni. Amene analowapo m'khola la nkhuku zanyama sabata yachisanu ndi chimodzi akudziwa. Nkhuku imayenda mapazi atatu n'kukhala pansi, ikupuma wefuwefu, nganga itagunda utuchi. Thupi lathamanga kusiya mtima ndi mafupa m'mbuyo. Makolo ake, amene ayenera kukhala moyo mpaka kuikira, amawapimira chakudya, chifukwa atawasiya adye mmene akufunira anganenepe mpaka kulephera kuswana. Nyama ya pachifuwa yolimba ngati thabwa, imene ogula ayamba kuidandaula, yachokera komweko. Zonsezi zalembedwa ndi mamembala a bungwe lomwe lija, ndipo ndiwo akuvutika kuzikonza.

Palinso mlimi. Anthu monga Jesse Jewell wa ku Gainesville, Georgia, anayambitsa dongosolo loti kampani ipereke anapiye ndi chakudya, mlimi alere, kampani idzatenge. Lero nkhuku zambiri ku America zimaleredwa motero. Nkhuku ndi za kampani, koma khola ndi ngongole yake ndi za mlimi. Mbewu nayo yatsalira m'manja mwa makampani ochepa kwambiri, makamaka Cobb-Vantress, imene ili pansi pa Tyson Foods, ndi Aviagen, imene inatenga Arbor Acres. Maina a opambana mpikisano wa 1948 aja akadali pomwepo.

Pempho langa, a Mkonzi, ndi lakuti mukadzalembanso za nkhukuzi, mtolankhani wanu asadzafunse za jakisoni. Adzafunse kuti mwa nkhuku 100 zolowa m'khola, zingati zimafika tsiku logulitsa zikuyenda ndi miyendo yawo, ndiponso kuti mlimi amatsala ndi ndalama zingati akabweza ngongole ya khola.

Ine wanu,
Mlimi wa nkhuku