Ozimitsa moto asamasiye kuphunzira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ozimitsa moto ndi anthu odzipereka aja amene amaima pamsewu kuongolera magalimoto ndi kubweza khamu moto ukabuka. Ku America, ku Pennsylvania ndi ku New York, odziperekawa amawatchula kuti fire police. Chomwe chikundiwawa nchoti m'malo ambiri maphunziro amathera tsiku lolandira satifiketi basi.

Moto wa masiku ano si wakale uja ayi. M'nyumba mwadzaza masiponji, mapulasitiki, makatani a nayiloni, zonse zoyaka msangamsanga. Akatswiri a UL, bungwe la ku America loyesa chitetezo cha katundu, atayesa anapeza kuti chipinda cha katundu wamakono chimalilima chonse pasanathe mphindi 5 pomwe cha katundu wakale wamatabwa ndi thonje chinatenga pafupifupi mphindi 30. Ndiye kwabweranso mabatire a lithium awa, a m'mafoni ndi njinga zamagetsi, umathira madzi nkumati wazima koma pakapita nthawi wabukanso wokha. Munthu woti anaphunzira zaka 10 zapitazo osabwererakonso mkalasi, zimenezi azidziwira kuti?

Kumbukirani moto wa pa Grenfell Tower, nyumba yaitali yosanjikizana ku London, mu June 2017, anthu 72 anafa. Ozimitsa moto analowa mu utsi molimba mtima, palibe angawanyoze, koma kafukufuku wa boma anapeza kuti sanaphunzitsidwe mokwanira za moto woyenda kunja kwa khoma chonchija, olo za nthawi yoyenera kusiya kuuza anthu kuti akhale m'nyumba zawo nkuyamba kuwatulutsa.

Ine ndinaonererapo akuyeserera. Mnyamata wina anamuphimba kumaso, silinda ya mpweya kumsana, magolovesi okhuthala m'manja, akukwawa kutsata paipi nkumapapasa polumikizira kuti adziwe mbali yopita panja. Ulendo woyamba anasochera, analowera mkati. Wachitatu anatuluka bwinobwino thukuta lili kamukamu. Silinda yolembedwa mphindi 30 munthu akamapuma mwawefuwefu imatha isanakwane nthawi imeneyo, ndipo zoterezi thupi limayenera kuzizolowera, tsiku la ngozi mutu sugwira bwino.

Odzipereka apamsewu aja ndiye amaiwalika kwambiri, eti amangopatsidwa jekete yowala ndi tochi nkuti pitani. Pomwe usiku, utsi uli tolotolo, dalaivala akubwera paliwiro maso ali pamoto osati pamsewu, munthu ayenera kudziwa poika makoni, poima iyeyo kuti asagundidwe, ndi mmene angaletsere galimoto kuponda paipi ina ili ndi madzi anzake ali mkati mwa nyumba yoyaka. Izi si zongoganizira pompopompo.

Pempho langa kwa amene amagawa ndalama za ozimitsa moto: mukamagula magalimoto muziikanso padera ndalama ya maphunziro, aziyeserera mwezi uliwonse, usiku womwe, ndipo odziperekawo aziitanidwa nawo limodzi osawasiya kunja kwa geti.

Wowerenga wanu wokhudzidwa