Mwana wanga, usanakwere basi ya ku Joni ija

Mwana wanga,

Dzulo pa foni paja sindinayankhule zonse, netiweki imangodukaduka komanso mayi ako anali pompo khutu lili tcheru nde zina ndinazisiya dala. Ndati ndingolemba, uwerenge ukakhala wekha. Ulendo sindikukuletsa ayi, ndiwe munthu wamkulu tsopano ndipo ndaona ndi maso angawa mmene wavutikira chimalizireni kosi yako yowotcherera zitsulo, kwacha nayo chiigwetsereni ndi 44 peresenti mu November 2023 muja zinthu sizinabwererenso m'malo mwake. Koma njira ukufuna kuyendayi agogo ako anayendamo, inenso ndinayendamo, ndipo tonse awiri chinatipweteka ndi chinthu chimodzi, dzina.

Agogo ako anapita nthawi ya Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, a Kamuzu asanaletse anthu kupita kumigodi mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70. Pa Wenela pokwerera basi ku Blantyre paja dzina linachokera kumeneko. Atafika kumgodi kalaliki anawalemba dzina la bambo awo ngati lawo, kulilembanso molakwitsa, iwo poti sukulu sanapite anangodinda chala basi. Patapita zaka zambiri titamva kuti anzawo ena akulandira ndalama za kumigodi ndinayenda nawo maofesi, iwo akutsokomola njira yonse, koma dzina la papepala ndi la munthu amene waima pamaso pawo sizimagwirizana, kakhadi ka nambala yawo nako chiswe chinadya kalekale. Anamwalira osagwirako olo tambala imodzi.

Za ine sindinakuuzepo bwinobwino chifukwa zimandipwetekabe mumtima. Ndinkagwira ntchito ya zomangamanga kufupi ndi Johannesburg, bwana anati iye salipira pamanja koma kubanki, ine akaunti ndinalibe nde mnzanga wina wakwathu konkuno amene anali ndi mapepala anati ndalama zako zizilowa kwa ine ndizikutapira. Zinayenda bwino kwa nthawi ndithu mpaka ndinayamba kusiya zina komweko kuti zichuluke ndidzagule malata. Chipwirikiti chothamangitsa alendo cha mu May 2008 chitabuka, chija chinapha anthu 62, aliyense anathawira kwake, mnzanga uja foni yake sinaliranso mpaka lero. Ndikanakadandaula kwa ndani? Ndalama zinali pa dzina lake. Iwe unali wamng'ono, unangoona bambo ako abwera ndi kachikwama kamodzi, ndipo nyumba yathu inakhala yaudzu zaka zina zinayi.

Nde chonde, chilichonse chimene ukachite kumeneko chikhale pa dzina lako lenileni. Yamba lero lomwe, tenga pasipoti, chiphaso cha unzika cha ku NRB chija, satifiketi ya MSCE ndi ya ku koleji, uziyale pamphasa uone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa chimodzimodzi ponseponse. Ndikukumbuka pa satifiketi ina anakuika chilembo chimodzi chowonjezera, ukonzetse usananyamuke, kuno n'kosavuta chifukwa amfumu ndi aphunzitsi ako akukudziwa, kumeneko palibe angakuikire umboni. Zonsezo uzijambule pa foni, unditumizire ine ndi mlongo wako, uchititsenso fotokope zingapo zina zitsale kuno. Ukafika, kupolisi ya kumeneko amadinda mafotokope kutsimikiza kuti ndi enieni ndipo salipiritsa. Pasipoti ikatayika, ofesi ya kazembe wathu ili ku Pretoria, ina ku Johannesburg, ndipo amene ali ndi fotokope amathandizika msanga kuposa wongofika chimanjamanja.

Pasipotiyo isachoke m'manja mwako. Bwana akati ndikusungire, kana mwaulemu. Munthu amene wagwira pasipoti yako wagwira miyendo yako, olo akulipire zochepa bwanji sungachoke. Matransipota aja amene amati osavutika ndi mapepala tikakuwolotsa pa Limpopo, iwowo ukawaona uthawe, m'tchire la ku Beitbridge muli achifwamba amene amadikirira anthu otere ndipo ena amakatsekeredwa m'nyumba mpaka abale atumize ndalama. Iwe dutsa pakhomo, pa Mwanza utsike wekha ukadinditse, pa Zobue, pa Nyamapanda, pa Beitbridge chimodzimodzi, mzere utalike bwanji ima, ndipo usanachoke pawindo uwerenge tsiku limene akulembera.

Apa mpamene ndikufuna umvetse kwambiri. Ife Amalawi amatipatsa masiku osapitirira 30 popanda viza, ndipo chidindo chimenecho ndi cha mlendo wokacheza, si chilolezo cha ntchito. Malamulo anasintha mu 2014, kale munthu ukapitiriza masiku unkangolipira chindapusa koma pano ukapitiriza osapyola masiku 30 amakuletsa kulowanso chaka chathunthu, ukapyola pamenepo ndi zaka 5. Komanso sungasinthe chidindo cha mlendo kukhala pemiti ya ntchito uli konko, umayenera kubwerera kuno n'kukapempha ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, uli ndi kalata ya amene akufuna kukulemba ntchito komanso masatifiketi ako atawunikidwa ndi bungwe lawo la SAQA. Sizophweka, sindikunamiza, pemiti wamba ya ntchito imavuta kupeza. Ndikudziwanso kuti anzako ambiri akungokhala choncho masiku anatha kalekale, sindine mwana. Koma ndinawaona mmene amakhalira, akaona galimoto ya polisi mtima phaa, kuchipatala kuopa, bwana akawabera kuopa, mapeto ake ku Lindela ku Krugersdorp kudikira kuti awabweze. Iwe uli ndi luso m'manja, langizo langa ndi loti mwezi umenewo ukaone malo, ukaonane ndi bwana amene msuweni wako wa ku Joni uja akunenayo, ngati akukufunadi akulembere kalata ubwere udzayambe njira yoyenera. Masiku asanathe ubwerere, ndalama ya basi yobwererayo uyipatule lero isakhudzidwe.

Akadzakuuza kuti pali munthu amapanga pemiti kapena pepala la asailamu pa mtengo wakuti, kapena kuti upereke pasipoti kwa dalaivala wa basi akakudindire ku boda iwe uli gone ku Joni, dziwa kuti zambiri mwa zidindo zimenezo ndi zabodza ndipo tsiku lokugwira mlandu ndi wako, wokugulitsayo sadzaoneka. Kugwira ntchito pa ID ya munthu wina nakonso ndi kulimira munda wa eni, ukavulala pantchito chipepeso chimapita kwa mwini dzina. Ndipo zikadzavuta n'kukugwira, usasaine chimene sunawerenge, lamulo lawo limati ukaonekere kukhoti pasanathe maola 48, utumize uthenga kwa msuweni wako ndi kwa ine nthawi yomweyo.

Za banki tsopano. Mabanki akumeneko ali ndi lamulo lija amati FICA, amafuna pasipoti, pemiti imene masiku ake sanathe ndi umboni wa pamene ukukhala, nde ndi chidindo cha mlendo chokha ambiri akakubweza. Umboni wa pokhala umavuta poti udzakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, koma landilodi atha kukulembera kalata n'kukaidinditsa kupolisi. Simu khadi nayo amalembetsa, amati RICA, ulembetse ndi pasipoti yako osati kugula yolembetsa kale pamsewu, chifukwa nambala imeneyo ndi imene izigwira ndalama zako. Potumiza kuno gwiritsa ntchito njira zodziwika ngati Mukuru, Mama Money kaya Hello Paisa, amalembetsa ndi pasipoti ndipo mayi ako atha kulandira pa Airtel Money kapena Mpamba. Uziyerekeza kaye mitengo usanatumize. Ena adzakukopa kuti ndipatse marandi kuno m'bale wanga akapereka makwacha ambiri kumudzi, zoona reti yawo imakoma, koma ikasowa ndalamayo ulibe lisiti ulibe mboni, fodya wako ndi amene ali pamphuno mwana wanga. Akaunti yako ya kuno usaitseke, uziponyamo kangachepe kuti isagone, PIN usauze munthu olo chibwenzi. Wina akadzati ndibwereke akaunti yako ndalama zanga zingodutsamo ndikupatsa kenakake, kana, akuba amatsukira ndalama zawo mwa anthu osauka ngati ife.

Maganyu ndiwadziwa bwino, kuima m'mawa kunja kwa sitolo za zipangizo zomangira ndi kachikatoni kolemba luso lako, bakkie ikaima anthu khumi kuithamangira. Mapepala akadzalongosoka n'kumagwira oterewa, mugwirizane mtengo usanakwere galimoto, pa tsiku kapena pa ntchito yonse, ndipo nambala ya galimotoyo uitumize kwa msuweni wako. Gula kakope, uzilemba tsiku, malo, maola, dzina la bwana ndi zimene wakupatsa, mauthenga a pa WhatsApp usamafufute. Boma lawo linaika malipiro ochepetsetsa, mu March 2025 anali R28.79 pa ola ndipo amawakweza chaka ndi chaka, antchito a m'nyumba ndi a m'minda nawonso ali momwemo. Bwana akakuchotsa mopanda chilungamo kuli bungwe la CCMA, salipiritsa, ndipo makhoti awo ananena kale kuti mlendo nayenso ndi wantchito, koma kumeneko kakope kaja ndi kamene kakakuyankhulire. Powotcherera usavule magalasi olo kutenthe bwanji, maso ndi awiri okha.

Ukakhazikika upeze Amalawi anzako a kutchalitchi ulowe nawo gulu lothandizana pa maliro. Ndikudziwa sufuna kumva zimenezi koma kubweretsa thupi kuno kuchokera ku Joni kwagulitsitsa anthu minda. Chipereganyu lowa ndi anthu amene ukudziwa kwawo ndi makolo awo. Miyezi yoyambirira usadzipanikize kutumiza kuno, chimanga tili nacho chotifikitsa ndithu, ndipo wachibale aliyense akakuimbira za ndalama umuuze ayankhule ndi ine.

Loweruka ubwere ndi mapepala onse aja tidzawaone limodzi, Lolemba tilawirire kukakonzetsa satifiketi ija. Mayi ako akusinja ufa ndipo akazinga mtedza woti udye m'njira, jekete langa lakuda lija utenge, ku Joni June ndi July kumazizira kuposa ku Dedza.

Ndine bambo ako.