Vuto la galimoto za lero si kompyuta

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa mkangano umene sukutha pakati pa madalaivala ndi amakaniki kuno ku Dedza. Ambiri amati galimoto zakale, zimene zinkajambulidwa ndi pensulo ndiponso kuyenda popanda kompyuta, zinapangidwa mwaluso kuposa za masiku ano. Anthuwa ali ndi mfundo, koma ine ndikuona kuti akuimba mlandu chinthu chosalakwa.

Poyamba tiwapatse ulemu wawo. Peugeot 504, imene inatuluka mu 1968, inali yaitali kuchokera pansi ndipo inkameza maenje a mumsewu mosavuta, n'chifukwa chake ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka 2006. Injini za nthawi imeneyo zinali zoti munthu akatsegula boneti ankaona chilichonse ndi maso. Kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ikatsekeka ndi zinyalala, makaniki ankaimasula pansi pa mtengo, n'kutsuka jeti, kachitsulo kokhala ndi kabowo kodutsa mafuta, ndi petulo m'chivundikiro cha botolo, n'kuiuzira ndi pakamwa. Mapointi, tizitsulo tothandiza kuyatsa moto m'injini, akapsa ankawapala ndi kachidutswa ka sandipepa, ndipo batire ikafa anyamata atatu ankakankha, dalaivala n'kuponya giya yachiwiri pamtsetse. Galimoto inkatha kumufera munthu pa Khwekhwerere akutsikira ku Golomoti, koma iye n'kukagona kwawo tsiku lomwelo.

Komabe amene timazikumbukira galimotozi timaiwala msanga mavuto ake. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha ku Dedza chimaluma, injini ya kabuleta inkafuna choki, chochepetsa mpweya wolowa m'injini, ndi kuinyengerera nthawi yaitali, ikulavula utsi wakuda, isanavomere kuyenda. Inkamwa mafuta kwambiri chifukwa kabuleta imasakaniza petulo ndi mpweya mongoyerekeza, pamene kompyuta ya mu injini ya lero imayeza mpweya wolowa, kutentha kwa injini ndi utsi wotuluka, kenaka n'kupereka petulo wokwanira basi. Pa mtengo umene mafuta afika m'dziko muno, kusiyana kumeneku si nkhani yaing'ono. Ndiponso galimoto zakale zimene tikuziona lero ndi zochepa zokha zimene zinapulumuka. Zinzake zambiri zinatha ndi dzimbiri kalekale.

Mfundo ya anthuwa imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi yakuti galimoto zakale zinali zotetezeka chifukwa chitsulo chake chinali cholimba. Galimoto ikawombana n'kutuluka yosapindika, mphamvu yonse ya ngoziyo imakathera m'matupi mwa anthu amene ali m'katimo, ndipo chiwongolero chimamubaya dalaivala pachifuwa. Maganizo akuti kutsogolo kwa galimoto kuzikhwinyata dala kuti anthu apulumuke anachokera kwa Béla Barényi wa ku Mercedes-Benz, ndipo lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno anamukonza Nils Bohlin wa ku Volvo mu 1959. N'zoona kuti nzeru ziwirizi zinabwera kompyuta isanafale, koma ndi kompyuta imene inathandiza akatswiri kuyesa ngozi kambirimbiri asanapinde chitsulo ngakhale chimodzi. Mabuleki a ABS, amene Bosch ndi Mercedes-Benz anayamba kugulitsa mu 1978, amadalira masensa, tizipangizo tamagetsi toyeza kuzungulira kwa matayala, kuti matayalawo asamangike poponda mabuleki. Aliyense amene anapondapo mabuleki mwadzidzidzi pa Lizulu tsiku la msika mvula itagwa, mwana atadumphira mumsewu wa M1 ndi beseni la tomato, akudziwa phindu la galimoto imene imaima popanda kutsetsereka. Nditchuleko kuti kompyuta inalowa m'mafakitale kale kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti Pierre Bézier ankaigwiritsa ntchito pojambula matupi a galimoto ku Renault m'zaka za m'ma 1960.

Chimene chikutivuta ife n'chakuti galimoto zambiri zimene tikugula zinapangidwira misewu ya ku Japan. Sienta, Vitz ndi zinzake n'zofupika, ndipo amene anazijambula ankaganiza za banja laling'ono pa phula losalala. Ife timazisenzetsa matumba a kachewere ndi anthu odzaza mpaka m'buti, n'kuzilowetsa m'misewu ya fumbi ya ku Bembeke ndi Tsangano, kumene mwala umodzi umaboola sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini. Giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa giyabokosi yosintha yokha, imafuna oyilo wakewake, koma ambiri amangothira aliyense amene wapezeka pasitolo. Galimoto ikafa ndi nkhanza zotere, kompyuta yalakwa chiyani? Toyota Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba mu 1984, ikupangidwabe mpaka lero, zina mwa zatsopano zake zili ndi injini zoyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo zimafika kumene galimoto zina siziyerekeza n'komwe.

Pamene ndikugwirizana ndi odandaula ndi pa nkhani yokonza. Sensa ikafa simasulidwa, imangosinthidwa, ndipo yatsopano imachokera kunja pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa. Makampani ena amabisanso chidziwitso kuti galimoto izipita kwa iwo okha. Zotsatira zake tikuziona m'magalaja athu: makaniki waluso, amene amadziwa vuto la injini pongoimva kulira, amafika posintha zipangizo mongolota, kudula mawaya, kapena kumata tepi pa kanyali kochenjeza kuti mwini galimoto asakaone. Ena amakoketsa galimoto mpaka ku Lilongwe chifukwa cha kawaya kamodzi kothothoka.

Chikhalirecho pafupifupi galimoto iliyonse ya masiku ano ili ndi kabowo pansi pa chiwongolero kolumikizirapo makina oyezera. Ku America kabowoka, kotchedwa OBD-II, kanakhala lamulo kuyambira mu 1996, ndipo lero alipo makina ang'onoang'ono oyezera amene amatumiza uthenga wa vuto pa foni ya m'manja. Pempho langa kwa a TEVETA ndi masukulu ophunzitsa ntchito zamanja ndi lakuti akonze maphunziro afupiafupi a zamagetsi a galimoto, ochitikira pa boma pompano ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo azilandira amakaniki amene ali kale pa ntchito ngakhale alibe satifiketi ya fomu 4.

Ndine wowerenga wanu,
Dalaivala wopuma ntchito,
Dedza.