Andisankha kukatola nkhani kunja, koma kwathu kwayaka moto

Azakhali,

Ndine mtolankhani wachitsikana, ndipo ndili ndi danga langa m'nyuzipepala lomwe ndimalembamo maganizo anga. Posachedwapa mabwana andiuza kuti akufuna kunditumiza kunja, kudziko komwe kuli mpungwepungwe, ndizikatumiza nkhani kuchokera kumeneko. Ndi ntchito yomwe ndakhala ndikuilakalaka chiyambire, koma kwathu palibe amene akusangalala nane.

Mayi anga tulo sakuona. Mlongo wanga adawaonetsa pafoni chithunzi cha Marie Colvin wa nyuzipepala ya Sunday Times, uja ankavala kansalu kakuda kudiso lakumanzere lomwe adavulala ku Sri Lanka mu 2001. Adawauzanso kuti adafera ku Homs, m'dziko la Syria, mu 2012, mabomba atagwera nyumba yomwe munali atolankhani. Chionereni chithunzicho amangoti, "Ukufuna ndidzakulandire uli m'bokosi?" Ndikawatchulira mtolankhani wina wamkazi, Clare Hollingworth, amene adaona akasinja a Germany atandanda kumalire a Poland mu 1939 koma n'kudzamwalira mu 2017 ali ndi zaka 105, amati aliyense ali ndi mwayi wake. Pamenepo ndimasowa poyankha.

Koma wandisautsa zedi ndi bwenzi langa, amene tikukonzekera ukwati. Iye za imfa satchula n'komwe. Akuti intaneti ilipo, danga langalo ndingalembe nditakhala pampando, ndiye ndikavutikirenji? Mawu amenewa amandilasa mtima, chifukwa zambiri zomwe ndimalemba za maiko ena n'zongomva. Dorothy Thompson, mtolankhani wa ku America, adacheza ndi Hitler maso ndi maso mu 1931, ndipo mu 1934 boma la Nazi lidamupirikitsa ku Germany. Pamene adayamba danga lake mu 1936, owerenga ankadziwa kuti akumva kwa munthu amene adaziona yekha. Bwenzi langalo likamva dzinali limangoseka, n'kundikumbutsa kuti maukwati awiri a mayiyu adatha. N'zoona adathadi, koma bwanji funso la banja limafunsidwa kwa mkazi yekha? Anzanga aamuna akamatumizidwa kutali amangowafunira ulendo wabwino basi.

Mabwana akudikira yankho, ndipo ndikakana malowo apatsa wina. Ndithandizeni, Azakhali. Mayi ndiwalankhule bwanji kuti ndisachoke opanda madalitso awo? Nanga mwamuna woti sadandikwatire n'komwe koma wayamba kale kundiyezera pothera ntchito yanga, ndimupemphe andidikire, kapena chibwenzichi ndichiunikenso bwino?

Ine wothedwa nzeru,
Mtolankhani