Kwa eni shopu yokonza mawailesi: K50,000 ya bambo anga ibwere

Akulu, ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa foni simukuyankha, ndipo kushopu kwanuko tanyozedwa mokwanira.

Mwezi wathawu bambo anga anakubweretserani wailesi yawo ya kaseti, National Panasonic ya m'zaka za m'ma 1980, yodya mabatire akuluakulu 6. Vuto linali limodzi basi. Pa magetsi imalira bwinobwino, FM ndi kaseti yomwe, koma ukazula chingwe n'kuika mabatire atsopano imangoti zii. Munawalipiritsa K12,000 yoyezera, kenako K38,000 ati IC ya mawu, kachipangizo kokweza mawu m'wailesi, yafa. Yonse pamodzi K50,000, ndipo malisiti onse awiri ndili nawo. Wailesi yabwerako yosalira pa mabatire, yosaliranso pa magetsi, ikununkha chopserera.

Titabwerera nayo, mnyamata wanu wa pa kauntala sanadzuke n'komwe, maso ali pa foni. Anauza munthu wa imvi, makasitomala ena akumva, kuti, "Madala, chiphapha ichi n'chotaya, kaguleni ka sipika ka Bluetooth." Bambo anga anangovula chipewa n'kuyang'ana pansi. Anthuni, kholo la mnzako ungaliyankhe chonchi? Ngati chinali chotaya, ndalama munalandiriranji?

Tsono tiyeni tikambe za ntchito yeniyeniyo, poti mukuganiza kuti aliyense wobwera kwanu sadziwa kugwira mita yoyezera zamagetsi.

Wailesi yolira pa magetsi koma yokana mabatire, IC yake ili moyo. Mawu onse amadutsa mu IC yomweyo, kaya mphamvu yachokera kukhoma kaya ku mabatire. Poyambira ndi m'chipinda cha mabatire. Mabatire 6 a 1.5V amapereka 9V, ndipo mita iyenera kuonetsa zimenezo pa mawaya awiri otuluka m'chipindamo. Ikapanda kuonetsa, yang'anani masipuling'i. Batire ikatayikira imasiya zoyera ngati mchere ndi dzimbiri. Za mabatire a alkaline zimachoka ndi viniga, za mabatire wamba zimachoka ndi soda wosungunula m'madzi pang'ono, kenako mupale ndi sandipepa wosalala mpaka chitsulo chiwale.

Ngati 9V ilipo koma siikufika pa bolodi, nthawi zambiri wolakwa ndi soketi yolowetsa chingwe cha magetsi, ija ya mabowo awiri ooneka ngati 8. M'kati mwake muli kaswichi kamene kamadula mabatire chingwe chikalowa, n'kuwalumikizanso chikatuluka. Wailesi ikakhala zaka zambiri ili pa magetsi okhaokha, timalata ta kaswichiko timada kapena kufooka, ndiye sitigundananso. Ndayeza kaswichi ka wailesi ya bambo: chingwe chili kunja, mita siilira. Matenda onse anali pamenepo. Mankhwala ake ndi sipule yotsukira maswichi, kupindako timalatato pang'ono ndi pulayazi, kapena kusintha soketi yonse. Mpaka lero fumbi la pa kaswichiko silinakhudzidwe.

Nanga munakhudza chiyani? Ndatsegula, ndajambula zithunzi.

Kumbuyo kuli kotembenuza kosankhira mphamvu ya magetsi. Kuno kwathu magetsi ndi 230V, ndiye kamayenera kukhala pa 220 kapena 240. Ndakapeza pa 110. Thiransifoma yoikidwa pa 110 ikalandira 230 imatulutsa kuwirikiza, ndipo imatentha msanga. Fyuzi inagwira ntchito yake, inapsa. Pa bolodi palembedwa T250mA, kutanthauza fyuzi yochedwa kupsa, ndipo ikapsa umafunsa kaye chifukwa chake. Inu munakulunga kawaya ka kopa pa fyuzi yakufayo n'kulumikizanso ku magetsi. Kawayako kakadali pomwepo, kopotedwa ndi dzanja, galasi la fyuzi lili bii m'kati.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Mbali yolandira magetsi ya thiransifoma yaing'ono ngati iyi imawerenga ma ohm mazana angapo pa mita. Iyi siwerenga kanthu, waya waduka m'kati, pepala lokutira lasanduka lofiirira. Kapasita yaikulu yosalaza mphamvu, ya 2200µF 16V, yatupa pamwamba ndipo yatulutsa madzi kumiyendo, chifukwa m'malo molandira 12V kapena kucheperapo inalandira zopitirira 20V. Mwa madayodi anayi aja osintha magetsi a kukhoma (AC) kukhala ngati a mabatire (DC), awiri akudutsitsa mbali zonse.

Ndipo IC imene munati mwasinthayo? Mtovu wa m'miyendo yake ndi wakale, wotuwa, wofanana ndi wa bolodi lonse. Palibe chizindikiro chakuti chowotcherera chinafikapo. K38,000 ija munagulira chiyani? Ndinapempha mnyamata wanu kuti andionetse IC yakaleyo, akuti anataya. Amisiri oona amabweza chimene achotsa m'kathumba, mwini aone yekha.

Musanamizirenso kuthimathima kwa magetsi monga anachitira mnyamata wanuyo. Magetsi satembenuza 220 kupita pa 110, ndipo sapota waya pa fyuzi.

Inu amene mukuwerenga, amene muli ndi mawailesi otere m'nyumba, musanapereke kwa wokonza aliyense jambulani kumbuyo kwake, kotembenuza kaja kaoneke. Yesani pa mabatire ndi pa magetsi iye akuona, ndipo zilembedwe pa lisiti. Mukamva kuti wailesi ikulira koma kaseti siyenda, musalole kuuzidwa za IC. Mvetserani mota. Ikamazungulira ndiye kuti lamba wasungunuka kapena watamuka. Ikakhala chete mukadina PLAY, pali kaswichi kena kopyapyala pansi pa mabataniwo kofuna kutsuka. Wailesi ikamachita phokoso la "mmmm" pa magetsi koma osati pa mabatire, kapasita yaikulu yauma. Zonsezi ndi zinthu zotchipa.

Akulu, zimene ndikufuna ndi izi. Mubweze K50,000 yonse, kuphatikizapo yoyezera, poti palibe chimene munayeza. Mugule thiransifoma yofanana mphamvu ndi yomwe mwaotchayo, kapasita ya 2200µF ya 16V kapena 25V, madayodi anayi a 1N4007 ndi fyuzi ya T250mA. Kuika musavutike, wailesiyi siidzalowanso m'manja mwanu. Ngati IC nayo yafa chifukwa cha magetsi owirikizawo, imeneyonso mtengo wake ndi wanu. Ndipo mnyamata uja apepese kwa bambo anga pakamwa, pomwe anawanyozera paja.

Pakadali pano ndikukupatsani mpata. Sabata ino ikatha muli chete, malisiti, zithunzi ndi wailesi yomwe ndipita nazo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, komanso ku CAMA, bungwe loimira ogula, ndipo zithunzizo ndiziika m'magulu onse a WhatsApp a m'dera lino. Mukafufuta uthengawu ndiwulembanso. Nambala yanga ili pa lisiti lachiwiri lija, imbani.