Chilengezo: Kukapa chitsime Loweruka lino

Mamembala a komiti ya madzi ku Chibavi,

Loweruka lino 6 koloko m'mawa tikumane pachitsime chathu chakudambo. Chiyambireni mvula madzi akutuluka ofiira, akumveka fungo. Ngalande yapambali yadzaza matewera a ana ndi majumbo, ndipo ikasefukira zonsezo zikulowa m'chitsime poti chivundikiro chinang'aluka. Kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale.

Tidzakapa chitsime, kuchotsa zinyalala, kenako kuthira kolorini. Amene muli ndi mipope musazembe: madzi a ku damu la Lunyangwa akasiya kutuluka, tonse timathamangira pomwepa ndi zigubu.

Bweretsani khasu kapena fosholo, ndowa, magolovesi ngati muli nawo, ndi K2,000 ya simenti. Amene simukwanitsa kubwera, tumizani munthu wamkulu pamodzi ndi ndalamayo.

Yankhani pano pofika Lachinayi madzulo kuti tidziwe chiwerengero.

Mlembi