Mayi akayezedwa khomo la chiberekero athandizidwe tsiku lomwelo

Akonzi,

Tilole tinenepo za khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikupha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse. Chaka ndi chaka amayi oposa 4,000 amapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Chotipweteka mtima n'choti matendawa ngopeweka.

Pa 17 Novembala 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko yothetsa khansayi padziko lonse. Pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atabayitsa katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, asanapitirire zaka 15, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa pofika zaka 35 ndi kubwerezanso pofika 45, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Dziko lidzatchedwa lopambana pamene odwala atsopano adzachepera anayi mwa amayi 100,000 pachaka. Australia ikuyembekeza kufikapo mu 2035.

Gwero la khansayi ndi kachilombo ka HPV komwe anthu amapatsirana pogonana. Kwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Kakakhalitsa, kamayamba kusintha khungu la pakhomo la chiberekero mwakachetechete, popanda ululu, ndipo pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti pafike pa khansa. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. N'chifukwa chake amayi omwe ali ndi HIV ali pachiopsezo chowirikiza kasanu ndi kamodzi, ndipo kuyeza kuyenera kupezeka pomwe amalandirira ma ARV.

Katemera anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019, atayesedwa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba. Amateteza ku mitundu iwiri ya kachilomboka yotchedwa 16 ndi 18, yomwe imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 ya khansayi. Amagwira bwino mwana asanayambe kugonana, n'chifukwa chake timayambira zaka 9. Zoti amatseka mwana kubereka ndi bodza lamkunkhuniza. Kuyambira 2022 WHO inavomereza kuti kubaya kamodzi kumakwana, koma mwana amene ali ndi HIV amafunika kawiri kapena katatu. Chomwe chimasokonekera n'choti atsikana osiya sukulu amaphonya, komanso katemerayu akaundana mufiriji amatha mphamvu. Asungidwe pakati pa madigiri 2 ndi 8.

Koma pamene tikutayira amayi ambiri ndi pakati pa kuyezedwa ndi kuthandizidwa. Kuyeza kwake sikuvuta. Namwino amatsegula njira ndi kachipangizo, n'kupaka vinega pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi yathunthu. Malo amene ayamba kuwonongeka amasanduka oyera. Wothamangira mzere akayang'ana mphindiyo isanakwane, kapena kuwala kukamuchepera, amabweza mayi wodwala kuti ali bwino. Kwa amayi amene anasiya kusamba, malo oyenera kuonedwawo amabisala mkati, ndiye vinega sathandiza kwenikweni. Iwowa amafunika kuyezedwa kachilombo ka HPV komweko, ndipo poyeza motero mayi atha kudzitengera yekha zokayeza.

Poyera ndi vinega paja si khansa ayi, ndi chenjezo. Pakakhala pang'ono pamawotchedwa ndi kachitsulo kotentha madigiri 100 kwa masekondi 20 mpaka 30, mayi n'kumapita kwawo. Njirayi, yomwe chipatala cha Nkhoma chinaionetsa kuti n'njotheka kwathu kuno, imaposa yakale youmitsa ndi mpweya wozizira chifukwa masilinda a mpweyawo ngolemera ndipo amatha. Makina owotcherawa alipo oyendera batire, onyamulika m'chikwama. Poyera pakakula kwambiri kapena kulowa mkati, pamafunika kupala ndi kawaya ka magetsi kotchedwa LEEP kuchipatala chachikulu monga Bwaila kapena Kamuzu Central. Apa ndiye pali dzenje. Mayi wa ku Kabudula kapena ku Mitundu amene sakumva kupweteka paliponse, mukamuuza kuti adzabwere sabata yamawa, ndalama yoyendera aigulira ufa. Amadzabwera patatha zaka, magazi akutuluka.

Abambo, gawo lanu ndi ili. Mayi akawotchedwa amatuluka madzimadzi mpaka masabata anayi, ndipo nthawi yonseyo musakhalire malo amodzi kuti bala lipole. Zikakanika, kondomu. Akamva kutentha thupi, kutaya magazi ambiri kapena fungo loipa, abwerere kuchipatala msanga. Pakatha chaka akayezedwenso, chifukwa nthawi zina vuto limabwerera. Ndipo kutuluka magazi mukatha kugonana, pakati pa msambo, kapena mayi atasiya kale kusamba, si nkhani yopita nayo kwa asing'anga.

Pempho lathu ku Unduna wa Zaumoyo ndi khonsolo ya Lilongwe n'loti paliponse poyezera pakhale makina owotchera ogwira ntchito ndi namwino wophunzitsidwa. Dzina la mayi aliyense wotumizidwa kuchipatala chachikulu liperekedwe kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, kuti akapanda kufika pakatha masabata awiri amutsatire kumudzi.

Ogwira ntchito zaumoyo okhudzidwa,
Lilongwe